Mndandanda wa Felesita

Ndinausindikiza pa Chitakale, kwa mnyamata wa makompyuta uja,
masamba anayi,
mndandanda wa zonse zimene mlongo wanga walemba
m'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Chiperoni chinali chitameza phiri,
ndinaupinda n'kuubisa m'malaya kuti usanyowe.

Ine ndine kalaliki wa pasikelo.
Ndimalemba makilo a tiyi amene otchola abwera nawo m'madengu:
dzina, nambala, kulemera kwake.
Mindandanda ndimaidziwa ine.
Koma uwu wandiposa msinkhu.
Namakhwa F., Namakhwa F., kokwana makumi anayi ndi kasanu,
pena dzina lathu lili patsogolo,
pena lapanikizika pakati pa maina achilendo
ngati mwana m'minibasi ya ku Limbuli.
Masiku ano likumakhala kumapeto,
ndipo akuti kumeneko ndiko kumakhala mwini munda.

Mitu yake sindingaitchule, lilime limakana.
Anandimasulira pafoni usiku wina, mayunitsi akutha:
Achimwene, mu ubongo muli timaloko tosawerengeka,
ndipo mankhwala ndi kiyi.
Ine ndimasula makiyi n'kumayesa.
Ambiri salowa n'komwe.
Ena amalowa koma satembenuka.
Ena amatsegula chitseko cha eni ake,
khoswe wanga n'kugona masiku awiri.
Ndinaseka. Iye sanaseke.

Loko amene akumufunayo ndikumudziwa.
Anali m'mutu mwa Lusiyano, chitsirizira wathu,
amene khunyu linkamugwetsa pabwalo la sukulu,
ana n'kubalalika poopa thovu, amvekere limapatsirana.
Felesita yekha ankagwada m'fumbi,
kumugoneka cham'mbali, kuwerenga chamumtima mpaka thupi litaleka kunjenja.
Mwezi umene mapiritsi anatha kuchipatala cha paboma
Lusiyano anapita yekha kukasamba ku Lichenya.
Madzi ake sankafika ndi m'mawondo momwe.

Chala changa chikutsika ndi zaka.
Apa ziwiri, apa zinayi, apa chimodzi,
kenaka zii,
zaka ziwiri zopanda kanthu.
Akuluakulu a kunjako mwina amati anachita ulesi.
Kalaliki amadziwa kuti mpata m'kaundula
ndi matenda kapena maliro.
Ndi nthawi imene anabwera kudzadwazika mayi,
kuchapa zofunda mbandakucha, kuphika kalongonda tsiku lathunthu,
dokotala wa ubongo atamanga chitenje chong'ambika,
akukangana ndi wakabaza pa mtengo wa ulendo.

Pamwamba pa tsamba loyamba pali nambala ina,
akuti ya anthu amene anatchula ntchito yake m'zolemba zawo:
zikwi ziwiri ndi mazana atatu.
Anthu onsewo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe
amene anamvapo Lusiyano akuimba mluzu pothirira nanazi.

Ndinamufunsa mosabisa:
nanga kiyiyo idzafika liti pawindo la mankhwala kuno?
Pakuti mwana wa Abiti Muhiwa, wotchola nambala 318,
wagwanso katatu mwezi uno, wapsa mkono.
Foni inakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yathawa.
Mwina zaka khumi, anatero.
Mwina si ine amene ndidzaipeze.
Mwina ndangolemba makiyi amene sagwira
kuti wobwera pambuyo asataye nawo nthawi.

Ndinakwiya pang'ono, ndisaname.

M'mawa mwake, otchola asanatuluke m'mizere,
mame akadali pa masamba,
ndinapachika mapepala anayi aja pa mbedza ya sikelo.
Muvi sunagwedezeke.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, muvi uli pomwepo.

Ndinatsegulabe kaundula wa kampani,
m'mphepete, ndi pensulo, kuti kapitawo asaone,
ndinalemba: Namakhwa F., wabwera kuntchito.
Kenaka Abiti Muhiwa anatula dengu lake,
makilo makumi atatu ndi limodzi,
n'kundifunsa ngati ndamva zoti mapiritsi afika.